Kuzungulira Bwalo Kasanu

Ana ankangowatchula kuti Madamu a Wezulo, ngakhale umadamu wake unali usanakhwime. Anali akadali pakoleji, ndipo pasukulupo anatumizidwa kwa teremu imodzi kuti aphunzire ntchito yophunzitsa masewero. Kwawo ankadziwika ndi liwiro. Anathamanga utsikana wawo wonse mpaka bondo linawakana, n'kutsala ndi khumbo limodzi lokha, losula mwana wina kuti adzafike pomwe iwo analephera.

Koma ana 74 pabwalo lafumbi, mpira uli umodzi wophwa, si zocheza. Mlungu woyamba ankaimba wezulo mpaka masaya kuwawa, ana ali piringupiringu, ena akugwetsana, ena akulendewera pagolo. Akaweruka ankakalira m'kachipinda kawo ka lendi. Woyendera wa kukoleji anali atatsala milungu itatu kuti afike.

Aphunzitsi akale a masewero, bambo amene anakalambira pabwalo lomwelo, anawauza kuti asadzivute: wosokosa aliyense azizungulira bwalo kasanu. Njirayo inagwiradi. Wochedwa, kasanu. Woseka pamzere, kasanu. Mtsikana wina wamtali, wa pakamwa posatseka, ndiye ankazungulira tsiku ndi tsiku, ndipo Madamu akamamuona mapondedwe ake mtima unkawadumpha. Liwiro lotero anali asanalionepo. Komabe sanamuuze, poopa kuti chilango chingayambe kumukoma.

Woyendera anapeza mizere yowongoka, ana ali chete ngati mukalasi ya mayeso, ndipo analemba kuti mphunzitsiyu amadziwa kugwira ana.

Lachisanu lotsatira Madamu anabwera ndi nkhani yomwe ankaiyesa yabwino: kuli mpikisano wa masukulu, ndipo akufuna othamanga. Palibe anakweza dzanja. Ana anangoweramitsa mitu, aliyense akubisala kumbuyo kwa mnzake. Madamu anamuloza mtsikana uja uku akumwetulira, n'kumuuza kuti azungulire kawiri, amutengere nthawi.

Mtsikanayo anatuluka pamzere pang'onopang'ono, misozi ili lengelenge.

"Madamu, lero sindinalankhule. Funsani aliyense."

 Madamu anayamba kufotokoza kuti si chilango, kuti iyeyo ali ndi mphatso, koma mawuwo anali atachedwa ndi milungu itatu. Mwanayo anali atanyamuka kale, mutu uli pansi, akukoka miyendo, milomo ikuwerenga kuti watsala ndi kangati.