Kachala Kaulesi ka Wosoka Nsapato

Wosoka nsapato wa pakhonde la sitolo ya penti uja maso anamuthawa pang'onopang'ono. Poyamba ankalephera kulowetsa ulusi, n'kumanamizira singano. Kenako dokotala anamuuza mosapita m'mbali kuti chifunga chimenechi sichidzayera. Za ntchito sanadandaule kwenikweni, poti manja ake ankasoka okha iye akucheza. Chinkamudya mumtima n'kuwerenga. Munthuyu ankawerenga chilichonse, ngakhale nyuzipepala yokulungira nsapato, ndipo zoti azidzachita kupempha ana kuti amuwerengere zinkamuwawa.

Mwana wake wamkazi anamuikira pafoni tsamba la pa intaneti lophunzitsa buleyilo, zilembo za timadontho zimene anthu osaona amawerenga. Anamuikiranso lina loyesera zidule: ukafupikitsa mawu molondola linkaonetsa zobiriwira, ukalakwa zofiira.

Kuyambira pamenepo, ntchito ikachepa, foni inkakhala pamphuno, mpaka ogulitsa penti ankamuseka kuti akuinunkhiza. Zilembo sizinamuvute. Zidulezo ndiye zinamukwana: chilembo chomwecho chikaima chokha n'kukhala liwu lathunthu, chikasendera pang'ono n'kusanduka china. Tsambalo silinkatopa kumufiirira, koma iye ankatopa, mutu waching'alang'a, misozi ili chuchuchu. Anapirira miyezi yambiri mpaka zonse zinabiriwira.

Ndiye anavala jekete n'kupita kusukulu ya osaona kukabwereka buku lake loyamba. Mphunzitsi wa kumeneko, mayi wosaona chibadwire, anamupatsa pepala limodzi kuti ayese. Iye mwachizolowezi analitengera kumphuno. Timadontho toyera papepala loyera, sanaone kanthu.

Mayiyo anamva kukhwekhwereza kwa pepala. “Liikeni patebulo, bambo. Kuno timawerenga ndi zala.”

Anayendetsa chala, osamva kanthu. Anakanikiza, osamvabe. Zaka zonse za singano, guluu ndi ulusi zinali zitaumitsa nsonga za zala zake ngati chidendene. Apa m'pamene anazindikira kuti miyezi yonseyi wakhala akuphunzitsa maso, omwe ali kale pa ulendo.

Mayiyo anati khungu limafewa munthu akasiya ntchito kwa kanthawi. Wosoka nsapato anaseka mopanda mphamvu, n'kufunsa kuti nanga kunyumba azidya timadontho? Mayiyo anangomugwira dzanja n'kuyamba kupapasa chala chimodzichimodzi, ngati munthu wosankha tomato pamsika. Kumanja konse anataya. Kumanzere anakaima pa kachala kakumapeto, kaja kamangoima padera anzake akamasoka, kamene mkazi wake amakatcha kabwana.

Anakaika papepala. Pansi pake panali kanthu, kolimba ngati kanjere ka mchenga.

“Ndamva kadontho kamodzi,” anatero.

“Ndiye ‘a’ wanu ameneyo. Zidule zija musunge kaye, tidzazifika.”

Buku sanabwereke. Anabwerera ndi pepala lomwelo m'thumba la jekete, mwana wa sukulu wa imvi, woyambiranso pa chilembo choyamba.

Masiku ano mukam'peza pakhonde paja, akusokabe ndi zala zisanu ndi zinayi, nkhope itayang'ana kumbali. Kachala kaja amakakulunga ndi kansalu kuti guluu asakakhudze. Obweretsa nsapato amamufunsa ngati wavulala.

“Ayi,” amayankha motopa, “aka kali pasukulu.”