Amayi akuti adikira kanjedza

Mwaswera bwanji nonse.

Abale, lero amayi adya! Paja chitulukireni m'chipatala akhala akukana chilichonse, ngakhale phala.

Masana ano ndinatsegula paketi ya tende, zipatso zouma zija achimwene a Fabiano anatumiza kuchokera ku Joni. Amayi atangoziona anakwinya nkhope. "Iwe Agnesi, zofota chonchi wazitola kuti? Zaola izi."

Ndinawauza kuti ndi zipatso za kanjedza wa kunja, zimapatsa mphamvu. Anaseka mpaka kutsokomola. "Kanjedza ndimamudziwa ine. Tizipatso take n'tating'ono, nthanga yokhayokha. Wonenepa chonchiyu ndi kanjedza wakuti?"

Analawa imodzi, kenako ina, mpaka ndinachita kubisa paketiyo. Akuti n'zotsekemera ngati uchi, koma sizikufika pa za kumtsinje ku Chongoni, pamtengo umene malemu bambo ankadula masamba a Lamulungu la Kanjedza. "Zikapsa ankandibweretsera m'chipewa, theka atadya kale m'njira."

Nthanga zake sanataye ngakhale imodzi, azimanga pansonga ya chitenje kuti tidzale kuseri kwa khitchini. Ndinawauza kuti ndi kuzizira kwa ku Bembeke kuno mwina mtengo wake sungabereke, komanso umachedwa kwambiri. Anangoti, "Ndiye ndidikira."

Amayi omwe aja sabata yatha ankatigawira zitenje zawo ngati akutsanzika, lero akuti adikira mtengo.

Mukuti bwanji, tidzale? Yankhani msanga, chifukwa ine khasu ndatulutsa kale.