Tochi Sagwirira Kumeneko

Ndinaganiza zochoka tsiku limene udindo woyang'anira chipinda cha opaleshoni unapatsidwa kwa munthu wa dipuloma amene ndinamuphunzitsa ndekha kuvala magolovesi. Zaka khumi ndi zinayi ndinali nditagwira m'chipinda chimenecho, pachipatala cha mishoni kwathu ku Mulanje: kuwiritsa zipangizo, kunyamula odwala, kukolopa magazi. Ndinamenyetsa chitseko, n'kukauza mayi a ana kuti ine ndikupita kunja kwa dziko. Za mapepala a ulendo anandithamangira ndi mlamu wanga Fatsani, nesi ku Indianapolis.

Ntchito ndinaipeza ku South Bend, kunyumba yosamalira okalamba. Kumeneko zaka zanga zija zinalibe wozifunsa. Ndinkasambitsa nkhalamba, kuzisintha matewera, malipiro theka ku lendi, theka kumudzi. Pafoni ndinkangoti zikuyenda. Sindinkanena kuti Lamlungu limatha lonse osayankhula ndi munthu, sinowo, chipale chofewa chogwa nyengo yozizira, atatseka pakhomo.

M'chipinda chochezera, TV inkangokhalira sewero limodzi lakalekale, la madokotala a asilikali ochita opaleshoni m'matenti kunkhondo, nthabwala zili pakamwa. A Harold, gogo amene ndinkawasamala, ankalidziwa pamtima. Inenso ndinalikonda, ndisaname, chifukwa ndi mmene mokha ndinkaonamo ntchito yanga. Koma kukonda chinthu si khungu. Dokotala akukanda mphuno ndi golovesi, kenako dzanja lomwelo m'mimba mwa munthu! Nesi tsitsi lili panja pa chipewa! Ine kung'ung'udza, a Harold kuseka mpaka kutsokomola.

Ndiye tsiku lina kunabwera gawo lozima magetsi. Jenereta yafa, wodwala ali chitsegulire patebulo, msilikali wina akubwera ndi tochi. Akukaima kutsogolo kwa dokotala, kuwala kuli m'maso mwa mnzakeyo, uku akuigwedeza ponena nthabwala. Anthu osaoneka amene amamveka akuseka m'masewero a pa TV aja akufa nako kuseka.

Ndinaimirira. "Bodza! Tochi sagwirira kumeneko. Umaima kumbuyo kwa dokotala, pakampando, kuwala kuzidutsa pamwamba pa phewa lake. Chigongono umachichirikiza ndi dzanja linalo. Ukagwedera, mnzako wadula mtsempha."

Tsikulo kunali mwana wa a Harold, bambo wamkulu kale, atavala chipewa cha mipikisano ya magalimoto ya ku Speedway. Anati seweroli analikonza mothandizidwa ndi madokotala enieni, nanga ine ndine ndani. Ndinamuuza kuti maopaleshoni amene ndagwirira tochi ndi ochuluka kuposa tsitsi limene latsala pamutu pakepo. Anaseka. "Opaleshoni ya tochi? Kwanuko?" Zimene ndinamuyankha sindizilemba pano.

Abwana anandiitana. Akuti ndisaine pepala lopepesa, lovomereza kuti za tochizo ndinangopeka, apo ayi ntchito yatha. Ndinapempha tsiku limodzi, n'kuimbira Fatsani.

"Alamu, sainani basi. Komanso mumatiyalutsa inu. Azunguwa mukuwauziranji kuti kwathu timang'amba anthu ndi tochi? Mukanangomuignora."

"Ndiye ndinene kuti sizinachitike?"

"Nenani chilichonse. Ana kumudziko adya tochi?"

Mawu achipongwe aja ndinapepesa, pamaso pa abwana. Za tochi ndinakana. Ndi chinthu chimodzi chokha chimene ndinabwera nacho m'dziko limenelo chomwe chinali changa. Ndinasiya baji ya ntchito patebulo n'kutuluka.

Ndinakagona pasofa ya Fatsani ku Lawrence, m'mbali mwa Indianapolis, miyezi itatu, osatumiza kanthu kumudzi. Mayi a ana analeka kufunsa, ndipo kusafunsako kunkapweteka kuposa kukalipa. Ana a Fatsani ankandinena m'Chingelezi chawocho kuti ndine ankolo a tochi. Mkwiyo ndinakauthira pa intaneti, patsamba la okonda seweroli. Anthu amene amakangana sabata yathunthu za mabatani a yunifolomu, kuti mtundu umenewo kunalibe nthawi ya nkhondoyo, anandiyankha kuti: ndi sewero chabe, bambo, pumani. Batani ndi nkhani, koma moyo wa munthu patebulo ndi sewero chabe! Kenako ndinapeza ntchito yokolopa pachipatala china, ndipo ndinakolopa zaka zisanu pakamwa nditatseka. Gawo lija ndinalisunga m'foni.

Nditabwerera kwathu ndinapeza chipatala chathu chili ndi masola padenga. Magetsi sazimanso m'chipinda cha opaleshoni muja. Antchito onse atsopano. Mlonda wapageti anandifunsa kuti ndikudwala chiyani. Munthu wotsala wa nthawi yathu anali Sisita Nachisale, amene ankatiyang'anira, mayi woti ukakhudza chinthu chowiritsa kale ankakumenya padzanja dokotala akuona. Anapuma ntchito, akuweta nkhuku ku Chitakale. Nditawapeza kumeneko, sindinawafotokozere kalikonse. Ndinangotsegula gawo lija n'kuwapatsa foni.

Anavala magalasi. Pa golovesi yokanda mphuno anangotsonya. Magetsi atazima m'seweromo, anakweza mutu.

"Chitsiru chagwira tochichi ndi ndani? Akufuna amuchititse khungu dokotala? Mtulutseni ameneyu!"

Ndinaseka mpaka misozi. Kenako sikunalinso kuseka.

"Nanga iwe ukulira chiyani, Matewere? Iwe sunkagwedera. Pakamwa ndi pamene panali poipa, koma mkono ayi. Tagwira dengu ilo, undithandize kutola mazira."

Kwathu kunalibe udindo wondipatsa, ndipo mpaka lero kulibe. Koma kuli munthu mmodzi amene akudziwa mbali imene ndinkaima. Pepala lija sindinasaine, ndipo atandibweretsera lero pakhonde pano sindingasaine.