Chimbale Chachichule

Mlongo wanga ankagulitsa nyimbo pa kantemba, kashopu kake kakang'ono, ku komboni ya Kanyama, zokopera pa zimbale zopanda chikuto zija. Panali woyimba mmodzi amene ankamukonda mochita kunyanya. Makasitomala akasowa, ankatenga cholembera n'kuyamba misala yake, kulemba pa zimbale, kumasulira dzina la woyimbayo m'zinenero zopeka yekha.

M'dzinja madzi ankalowa m'nyumba mpaka m'mawondo, ndiye iye ankati achule nawonso ndi anthu a m'komboni, ayenera kumva nyimbo m'chinenero chawo. M'Chichule woyimbayo anali Gwodo Ngwalala. M'Chidzudzu anali Nziii Lilili. Chimbale cha woyimbayo cha nyimbo zachikondi, kwa anthu a kumwezi, chinali Ulumbwe Tatata. Ndinkamunena kuti munthu wandevu zake akuchita zachibwana, koma ndinkaseka mpaka misozi.

Tsiku lina anadzijambula pa chimbale akuyimba yekha nyimbo ya woyimbayo m'Chichule, n'kulemba pamwamba pa chimbalecho m'Chichule momwemo. Mawu ake sanajambulidwe pena paliponse.

Kolera inamutenga dzinja lomwelo. Achipatala sanatilole ngakhale kusambitsa thupi.

Maliro atatha, abale ochokera kumudzi anakhala pansi kugawa katundu monga mwa mwambo. Ine sindinkafuna nsapato kapena matiresi, ndinkangofuna chimbale chijachi. Amalume, omwe ndi mkulu wa mpingo, anatsegula katoni ya zimbale. Anawerenga chimodzi, n'kutenga china, nkhope n'kusintha.

"Chinenero chanji ichi?"

"Ankangosewera, amalume. Ankati n'cha achule."

"Munthu wolemberana ndi achule," anatero amalume pang'onopang'ono. "Imfa iyi tsopano ndaimvetsa. Izi n'zausatana, palibe atenge."

Ndinagwada. Ndinawapempha kuti tiike chimodzi chokha m'wailesi amve okha. Anati nyumba ya maliro sitiitaniramo ziwanda. Anathira palafini pa zimbale zonse n'kuziyatsa kuseri kwa chimbudzi, azimayi akuyimba nyimbo ya kutchalitchi, ndipo utsi wa pulasitiki unadzaza pabwalo ponse. Mpaka lero sindinawakhululukire, ndipo ndikunena poyera.

Nkhope ya mlongo wanga ndili nayo pa chithunzi. Koma mawu akundithawa. Chaka chino ndayesa kukumbukira mmene ankandiitanira, ndapeza kuti ndikumva mawu anga omwe.

Mvula ikagwa, achule amayamba phokoso m'ngalande kuseri kwathu. Ana amafuna kutseka zenera chifukwa cha udzudzu. Ine ndimawauza kuti alisiye.