Ku Joni Kunali Pafupi Kuposa Kuchigayo

Mwana wanga wamkazi wakwera ndege ku Chileka m'mawa uno, akupita ku Joni kukagwira ntchito. Ndasesa pabwalo kawiri, foni ili m'manja, mtima uli m'mwamba.

"Amayi, ndi maola awiri okha," anatero dzulo pofuna kunditonthoza.

Mawu amenewa ndinawamvapo kale, ndili kamtsikana ku Nkaya. Tsiku limene abambo ananyamuka ulendo womwewu, ndinafunsa amayi kuti ku Joni n'kutali bwanji.

"Pa ndege akuti maola awiri okha," anayankha akupukuta misozi.

Ndinadabwa chimene ankalirira. Ife kuchigayo tinkapita m'mamawa, n'kubwerako dzuwa litapendeka, khosi likuwawa. Ndiye kuti ku Joni kunali pafupi kuposa kuchigayo! Abambo akhala atabwera madzulo ano.

Ndinawathyolera mango atatu, n'kuwabisa mumphika wosweka kuseri kwa nkhokwe. Ndege ikamveka kumwamba, ndinkathamangira kunjanji n'kumakupiza manja kuti ione potera. Mango aja anapsa, anafewa, mpaka anayamba kununkha, ntchentche n'kudzazana.

"Iwe, kataye zowolazi!" anakalipa amayi atawapeza.

"Iyayi, ndi za abambo. Paja munati m'pafupi?"

Amayi anangokhala pansi pomwepo, pafumbi.

Abambo anabwerako ine nditakwatiwa kale, mutu wawo uli mbuu.

Foni yalira tsopano. "Ndafika, amayi. Mwaona? M'pafupi."

Ndangomuyankha kuti inde, mwanawe. Sindinamuuze kuti maola awiriwo ndi opita okha. Obwerera palibe amene amawadziwa.