Laputopu imene sinazimitsidwe miyezi isanu ndi iwiri

Lachiwiri lapitali ndinatha pafupifupi maola awiri pabenchi ya ofesi ina pano pa Boma, maso ali pa laputopu imene inadzuka koma n'kukana kugwira ntchito.

Ndinaperekeza Tiwonge, mwana wa mlongo wanga wa ku Euthini. Anagwirapo ntchito mongodzipereka chaka chathunthu mu ofesiyo, ya bungwe lina la alimi, ndipo ankafuna kalata yomuchitira umboni. Mawa lake 8 koloko m'mawa anali ndi intavyu ku Kasungu, ndipo anamuuziratu kuti wopanda kalata yotere asavutike n'kubwera. Kalatayo inali italembedwa kale mulaputopumo. Chotsala chinali kupulinta basi, kuti bwana asayine asananyamuke 3 koloko kupita ku Mzuzu.

Tinafika 1 koloko itangodutsa. Kalaliki wa pamenepo, a Phiri a ku Dedza, anatsegula laputopu. Sikirini inayaka, kalata ikuoneka bwinobwino, dzina la Tiwonge lili pamwamba. Koma kamuvi ka mausi kanangoti njo! Anadina apa, anadina apo. Zii. Anaitseka, n'kuitsegulanso. Anaiuzira mpweya m'mbali ngati mbaula.

Ndinati izi n'zazing'ono, adinikize batani loyatsira masekondi khumi kuti izimiretu, kenako aiyatsenso. A Phiri anaphimba batanilo ndi chikhatho.

"Ayi bambo, imeneyi sitizimitsa."

Chifukwa chake? Pasiwedi amaidziwa a Banda, amene anali pampando umenewo asanasamutsidwire ku Nsanje miyezi isanu ndi iwiri yapitayo. Ikangogona n'kudzuka, laputopuyo siifunsa pasiwedi. Ikazimiratu, imafunsa. Ndiye miyezi yonseyi a Phiri amangoitseka. Magetsi akachedwa kubwera, amakwera nayo kabaza kukaitchajitsa kwa wometa tsitsi amene ali ndi sola, kuopa kuti batire lingathe.

Timvetsetsane, awerengi. Kutseka laputopu si kuizimitsa. Imangogona, itagwirira m'mutu mwake zonse zimene munasiya zotsegula. Podzuka, sikirini, mausi, pulinta ndi intaneti ziyenera kudzukira limodzi, ndipo chimodzi chikatsalira, zonse zimauma. Mukaigoneka miyezi osaizimitsa, tizolakwika timaunjikana, ndipo zokonza zimene imalandira pa intaneti sizimalizika, pakuti zambiri zimafuna iyambirenso. Mankhwala oyamba ndi aulere: sungani ntchito musanatseke, ndipo muziizimitsiratu kamodzi pa sabata. Ikapitirizabe, pamenepo ndiye pitani kwa amisiri.

Koma mankhwala aulerewo ndi amene anali oletsedwa.

2 koloko inakwana. Tiwonge akhale, aimirire, atuluke, alowenso. Panja dalaivala wa bwana anali atayamba kupukuta galasi la galimoto. Tilembe ina? Pepala la chizindikiro cha bungwe nalo linali mulaputopu momwemo.

Ndinafunsa ngati alipo amene ali ndi nambala ya a Banda. Inali mufoni ya a Phiri nthawi yonseyi. Kungoti awiriwa sanasiyane bwino. A Banda anachoka popanda wowatsanzika, mpando n'kugwera a Phiri, ndipo mphekesera zinayenda.

"Ndikawaimbira, ndiyambira pati?" anatero a Phiri.

"Nanga ine, adada, mawa ku Kasungu ndikayambira pati?" anafunsa Tiwonge. Anakopera nambalayo, n'kuimba yekha, mawu akumveka kwa tonse.

A Banda anayankha msanga. Atamva nkhaniyo anati, "Miyezi seveni palibe wondifunsa ngati ndinafika bwino kuno kotentha. Lero mwandikumbukira chifukwa cha makina?" Kenako anaseka. Pasiwedi, iwo anati, anailemba m'chikalata chosiyirana ntchito, tsamba lachiwiri, m'dirowa yam'munsi.

Tinatsegula dirowayo. Chikalata chinali momwemo, envulopu yake yosang'amba n'komwe.

Apa m'pamene mtima wanga wakana kukhazikika sabata yonseyi. Dera lathu lino anthu amabwera pa ntchito n'kupita. Aphunzitsi, anamwino, apolisi, makalaliki. Aliyense akachoka, pamatsala kanthu kogona. Njinga yamoto ili pamiyala kuseri kwa ofesi chifukwa makiyi anapita ndi mwiniwake. Kabati sitsegulidwa. Komiti ya mjigo sinathe, komanso sikumana. Sitikonza, sititseka, timangogoneka, n'kumayenda monyang'ama kuti chisadzuke tilipo. Safunsa anadya phula, koma ife timadya phulalo nambala ya wodziwa ili m'thumba.

Ndipo amene amalipira manyazi athuwo si ife. Ndi mtsikana amene wakwera pikapu m'bandakucha kuchokera ku Euthini.

Tinang'amba envulopu ija, pasiwedi n'kuipeza, ndipo laputopu tinaizimitsa. Poyaka, inayamba yamaliza kaye zokonza zake za miyezi isanu ndi iwiri, mphindi makumi awiri zathunthu, ife tikuwerenga nayo manambala pa sikirini. Kalata inatuluka kutatsala mphindi khumi kuti 3 koloko ikwane. Bwana anasainira pa boneti, injini ikulira. Tiwonge anangondithokoza kuti, "Yewo chomene, asibweni," n'kuthamangira minibasi ya ku Jenda.

Ndikutuluka, ndinacheuka. A Phiri anabwezera envulopu ija m'dirowa, tsamba loyamba osaliwerenga. Kenako anatambasula dzanja, n'kutseka laputopu mwachizolowezi.

Inu, mu ofesi mwanumo, chagona n'chiyani? Nanga envulopu yake munaing'amba?