Chimene Bambo Anakafuna Kuseri kwa Chinsalu

Anthu a ku Chonde amakonda kunena kuti bambo anga anathawa kanema poopa mfuti za pachinsalu. Nkhani imeneyi ndi yabodza, ndipo ambiri oifalitsa anali asanabadwe. Ine ndinalipo, nditabwera kutchuthi kuchokera ku sekondale.

Pa nkhondo ya Ajeremani, asilikali anagwira bambo ndi mng'ono wawo akupalira chimanga, onse akadali ana. Anawasenzetsa mabokosi a zipolopolo kulowera kudziko la Apwitikizi, komwe makolo athu anachokera. Mng'onoyo anatupa miyendo natsalira pamtsinje wina, ndipo bambo anabwerera okha. Mwambo wathu ngwakuti munthu akafera kutali, timaika thunthu la nthochi m'manda m'malo mwake. Bambo anakana zimenezi mpaka imvi zinamera. Ankangoti, "Anamuona ndani atafa?"

Galimoto ya kanema itafika pamsika, kunamveka kuti aonetsa nkhondo yomweyo, ndiponso kuti muli ana. Bambo anavala jekete yawo yopitira kutchalitchi.

"Bambo, amenewo ndi ochita sewero chabe," ndinatero.

"Iwe dziwa za m'buku. Ine ndikukaona nkhope."

Dzuwa litalowa, anyamata anaoneka pachinsalu: onenepa, ovala nsapato, aliyense ndi mfuti yake, akuguba ndi nyimbo. Mmodzi atagwa, anzake anamunyamula pamapewa, namuika m'manda lipenga likulira. Bambo anaimirira, nayandikira mpaka mthunzi wawo unaphimba chithunzi.

"Khalani pansi madala, nkhondo inatha kale!" anakuwa wina, anthu n'kuseka.

Sanathawe ayi. Anazungulira kuseri kwa chinsalu, poganiza kuti osenza katundu, amene nthawi zonse ankayenda m'mbuyo, aonekera kumeneko. Ndinawapeza ataima, akuyang'ana anyamata ansapato omwe aja.

"Muno mulibe wosenza ndi mmodzi yemwe," anatero motsitsa mawu. "Nanga zipolopolo zawozi akuwanyamulira ndani?"

Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Ndimati mwina Azungu anamutola mng'ono wanga. Ngati sali ngakhale kuno, basi. Tiye kwathu."

M'mawa mwake anaitana abale, natenga chikwanje kupita kudimba. Anayeza thunthu la nthochi ndi dzanja, nalidula lofika pachifuwa pawo, msinkhu umene anamusiya nawo mng'ono wawo. Amuna anabwera ndi chithatha chonyamulira maliro, koma bambo anachikana. Anapota nkhata, nadzisenzetsa thunthulo pamutu, ndipo sanalitule mpaka kumanda.